Makalata Awiri, Mwana Mmodzi

Amayi anzanga a m'midzi ndi m'matauni, sabata ino ndafuna kuti tikambirane za vuto lina limene limafika pakhomo nthungululu zisanazirale. Mwana wanu wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, walemba makalata opempha malo kusukulu zingapo za zachipatala, ndipo imodzi yamutenga. Mwayamba kale kufunafuna sutikesi, bulangete ndi ndowa. Musanapume n'komwe, uthenga wina wafika: sukulu ina ikumuitana ku intavyu, ndiko kuti mayeso olemba ndi apakamwa amene amasankhira ophunzira. Kodi mwanayo apite, kapena akhale pansi ayamike chimene wapeza kale?

Funso lotere makolo athu sanalidziwe, pakuti makomo anali ochepa. Chisanafike chaka cha 1991, pamene sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kukaphunzira kunja. M'chaka cha 2021 sukuluyo inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Ana opita kusukulu zaukachenjede za boma monga imeneyi amasankhidwa kudzera ku bungwe la NCHE. Koma palinso makomo ena. Pali Malawi College of Health Sciences imene ili ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndiponso sukulu za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM, monga za ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe. Sukulu zoterezi kawirikawiri zimayamba zamuona ndi kumuyesa mwanayo zisanamutenge, ndipo mayankho ake satuluka tsiku limodzi. N'chifukwa chake mwana angakhale ndi malo m'manja, kwinaku akuitanidwa kwina.

Nkhani imeneyi ikagwa m'gulu lathu la amayi, timagawanika pawiri. Ena amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo; mwana asayese Mulungu, ndipo ndalama yokwerera basi ndi bwino kuisungira fizi. Ena amati mwayi sudziwika kumene wagona, mwana apite ndithu akadzionere yekha. Onsewa amanena zoona, koma ine ndaona kuti pali funso limodzi loyenera kufunsidwa poyamba, ndipo woyankha wake si ife ayi, koma mwanayo: "Ukakakhoza kumeneko, kodi udzasiya malo ako oyambawa n'kupita?" Akati inde, ulendowo uli ndi phindu. Akati iyayi, kapena akangoti afuna akaone ngati angakhoze, ulendowo ndi wotaya ndalama chabe.

Ine funsoli ndinalifunsa m'nyumba mwanga momwe. Mwana wanga wachisamba anatengedwa kusukulu ina ya mishoni kuti akaphunzire unamwino ndi uzamba. Patapita masabata awiri, sukulu ina yakutali inamuitana ku intavyu ya maphunziro a clinical officer, aja ife kumudzi timangowatcha adokotala. Abambo ake anati, "Mayi, mwanayu wapeza kale, tisavutike kawiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Atsibweni ake nawo anati apite basi, chifukwa pamtundu pathu sipanatulukepo dokotala. Aliyense analankhula zakukhosi, koma mwini nkhani anangokhala chete pakhomo la khitchini, akusenda mbatata.

Usiku umenewo ndinamuitana patokha, ndipo ndinamufunsa funso lija. Anazengereza, kenaka anati, "Amayi, unamwino ndimaukonda, koma chimene mtima wanga umafuna kuyambira ndili ku pulayimale ndi kuyeza odwala ndi kuwalembera mankhwala. Ndikapanda kukayesa, ndidzakhala ndikudzifunsa moyo wanga wonse." Nditamva zimenezo ndinakagwada kwa abambo ake, ndipo anavomera. Tinagulitsa thumba la mtedza, ndinabwerekanso pang'ono ku banki m'khonde, mwana nanyamuka. Koma asananyamuke tinayamba tayankha sukulu yoyamba ija kuti malo tawalandira, ndi kulipira chimene inatiuza kuti tilipire.

Mayankho atatuluka, dzina lake panalibe. Analira tsiku limodzi, mawa lake nayamba kulongedza katundu wopita ku unamwino. Mwina wina anganene kuti mtedza uja unapita pachabe. Ine sinditero, pakuti mwanayo anapita kusukulu mtima uli m'malo, wopanda woti amuloze chala kuti ndiye anamutsekera njira. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti malo oyamba aja sitinawataye.

Tsono inu amayi amene makalata awiri akugwerani, musanagulitse nkhuku kapena mbuzi, khalani pansi ndi mwana ndi abambo ake, muyeze zinthu izi.

Choyamba ndi ntchito yeniyeni imene mwana akaphunzire. Yunifolomu zoyera zimafanana tikamaziona patali, koma ntchito zake n'zosiyana. Udokotala wa digiri umatenga zaka zisanu, kuwonjezapo chaka chokonzekera kwa ochokera ku Fomu 4. Digiri ya unamwino imatenga zaka zinayi, pamene dipuloma ya clinical officer kapena ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka zitatu. Ngati sukulu ziwirizo zikuphunzitsa ntchito imodzimodzi, ndipo pepala lotuluka nalo n'lofanana, chifukwa chopitira ku intavyu yachiwiri chimachepa. Koma ngati yachiwiriyo ndiyo ili ndi ntchito ya kumtima kwa mwana, musamutsekereze.

Chachiwiri, fufuzani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Anamwino ndi azamba amalembetsedwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, pamene madokotala ndi ma clinical officer amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi. Munthu wosalembetsedwa saloledwa kugwira ntchito pa odwala, ngakhale atakhala m'kalasi zaka zingati. Safunsa anadya phula. Chikomekome cha nyumba zopaka utoto chisatinamize, pakuti mkuyu nawo umakoma kunja, m'kati muli nyerere.

Chachitatu ndi thumba lathu. Musawerenge ndalama ya basi yokha ayi. Funsani fizi ya chaka chonse, malo ogona, chakudya, yunifolomu, mabuku, ndiponso ndalama zoyendera pamene ophunzira amatumizidwa kuzipatala zina kukaphunzira ntchito pamanja. Funsaninso ngati pali thandizo kapena ngongole ya ophunzira. Ngati mwaona poyera kuti sukulu yachiwiriyo simungaikwanitse ngakhale mwana atakhoza, muuzeni zoona lero lomwe. N'kwabwino kulira asanapite, kusiyana ndi kumubweza panjira ali chaka chachiwiri.

Chachinayi ndi masiku. Onetsetsani kuti tsiku la intavyu silikuwombana ndi tsiku limene sukulu yoyamba yaika kuti ana akalembetse. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mwambiwu umakwaniritsidwa pamene mwana wachedwa kukafika kumene anatengedwa kale, chifukwa chodikira yankho la kumene sanatengedwe.

Mukagwirizana kuti apite, m'konzereni ulendo waulemu. Atenge masatifiketi ake enieni ndi chitupa cha unzika, afike dzulo lake, ndipo ngati ndi msungwana mudziwe pakhomo pamene akagone, kaya pa mbale kaya pa munthu wa mpingo amene mumam'dziwa. Chenjeraninso ndi akathyali amene amaimba foni kuti muwatumizire ndalama kuti am'pezere mwana malo. Ndalama iliyonse ya sukulu ipite ku akaunti ya sukuluyo, ndipo risiti muisunge pamodzi ndi makalata.

Koma mukagwirizana kuti asapite, pali ntchito imodzi imene ambiri timaiwala. Mwanayo alembe kalata kapena aimbe foni kusukuluko, athokoze, anene kuti sabwera. Chimodzimodzinso akakhoza kuwiri: akangosankha, auze msanga sukulu imene waisiya. Kuseri kwa dzina lililonse lotengedwa kuli ana ena amene akudikira, ndipo mpando umene mwana wanu wangoukhalira osaufuna ndi umene mayi wina ku Nsanje kapena ku Chitipa akuupempherera usiku ndi usana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komanso anthu a zachipatala m'dziko muno amadziwana. Mphunzitsi amene mwam'lemekeza lero, mawa angadzakhale mkulu wa mwana wanu pantchito.

Pomaliza, amayi anzanga, tidziyang'ane tokha. Nthawi zina amene amafuna intavyu yachiwiri si mwana ayi, koma ife, kuti pachitsime ndi kutchalitchi azititchula kuti amake a dokotala. Nthawi zinanso amene amaopa ulendowo ndi ife, chifukwa sitifuna mwana atalikire. Zonse ziwirizi zimachokera m'chikondi, komatu amene adzadzuke pakati pa usiku kukathandiza mayi wobereka kapena mwana wokomoka ndi malungo, kwa zaka makumi atatu zikubwerazo, ndi iyeyo osati ife. Namwino sachepa pamaso pa dokotala, ndipo chipatala sichingayende popanda mmodzi wa iwo. Udindo wathu ndi kusunga malo oyamba aja, kunena zoona za ndalama, ndi kumvetsera yankho la mwana modekha, ngakhale litakhala losiyana ndi limene tinkafuna kumva.

Nkhaniyi kaikambiraneni m'magulu mwanu, makamaka ndi amayi amene ana awo akulemba mayeso chaka chino, kuti makalata akadzafika adzawapeze okonzeka.