Wophika wa pa Liscome Bay

Pa wailesi pamene nimathandizila, nchito yanga yeniyeni ni kunyamula mawaya na kuika madzi a tiyi pa moto. Tsiku lina woulutsa mau sanabwele, ananikhazika pa maikolofoni kwa maola awili. Omvela anatuma mafoni kuyamikila. M'mawa mwake n'nabwelela ku mawaya. Mwina n'cifukwa cake nkhani ya Doris Miller, imene n'naipeza pokonza pulogilamu ya mbili yakale, yakana kucoka m'mutu mwanga.

Miller anali mnyamata wakuda wa ku Waco, Texas. Analowa usilikali wa pamadzi wa America mu 1939 ali na zaka 19. Panthawiyo munthu wakuda sanali kuloledwa nchito ina koma kupelekela cakudya, kuyalila mabwana na kucapa. Pa 7 December 1941, ndeke za Japan zitaukila Pearl Harbor, iye anali kutolela zovala zocapa m'sitima ya West Virginia. Anayamba kunyamula ovulala, kenako anagwila mfuti yoombela ndeke imene sanaphunzitsidwepo, n'kuomba mpaka zipolopolo zinatha.

Pa 27 May 1942, Admiral Chester Nimitz anamuveka mendulo ya Navy Cross pa sitima yonyamula ndeke ya Enterprise. Anali munthu wakuda woyamba kuilandila. Nkhope yake anaiika pa mapepala oitanila anyamata ku usilikali. Nanga pambuyo pake? Anam'kweza, inde: anakhala wophika.

Apa m'pamene mtima umaniwawa. Mu 1943 anam'tumiza ku Liscome Bay, sitima yaing'ono yonyamula ndeke, imodzi mwa zija zinali kupangidwa mofulumila na zitsulo zopyapyala, moti asilikali anali kuzicha mabokosi a malilo. Ise a ku Zambia, amene madzi aakulu timawaona ku nyanja monga Kariba, tiganizile tauni yoyandama: pamwamba ndeke zinyamuka, pansi pali mafuta na mabomba, ndipo pakati pake munthu wa mendulo aphikila anthu oposa 900. M'khichini simuona kumwamba. Mumangomva phokoso n'kupitiliza kusenda mbatatisi.

Pa 24 November 1943, kusanace, pafupi na cisumbu ca Makin, sitima ya Japan yoyenda pansi pa madzi inaponya bomba limene linafika mosungila mabomba. Liscome Bay inamila m'mphindi 23. Anthu 644 anafa, ndipo Miller, wa zaka 24, sanapezeke. Makolo ake anauzidwa pa 7 December, zaka ziwili ndendende kucokela tsiku lija la mfuti.

Mu January 2020, America inalengeza kuti sitima yatsopano yonyamula ndeke idzachedwa USS Doris Miller. N'nalemba zonsezi bwinobwino papepala. Pa Ciwelu woulutsa mau anaziwelenga pa mphepo, ndipo anaziwelenga bwino. Ine n'nali kuseli kwa galasi, nitagwila waya wa maikolofoni umene umavutitsa ukaugwedeza.