Chitsulo chakale, mtengo wa nyumba

Anyamata, ku America kuli anthu amagula mavolovolo akale n'kumangowasunga m'kabati, osawombera n'komwe. Tengani Colt Python: anayamba kuipanga mu 1955, anasiya mu 2005, n'kuyambiranso mu 2020. Yatsopanoyo inatuluka pa madola 1,499, koma yakale yosamalika, ya m'bokosi lake, imadula kuposa pamenepo. Ukaipaka mtundu watsopano kuti iwale, mtengo umagwa. Ndiye mu 2021, Colt imene Pat Garrett anaphera Billy the Kid mu 1881 inagulidwa pa okushoni madola oposa 6 miliyoni!

Ine sindibisa, Python ya Rick mu The Walking Dead imanditenga mtima. Koma taganizani: injini ya boti ya bambo anga ikamakalamba mtengo umatsika, chonsecho ndi imene imatipatsa usipa ndi fizi. Azungu aja akugula mbiri, chitsulocho n'chongoperekeza.

Nditapeza 1,499 yomweyo, ndingathamangire chilimira chatsopano. Komanso kuno mfuti yopanda chilolezo ndi ndende basi, amangwetu. Inuyo mungagule chani?