Ulendo wa ku Thyolo: kukasaka khofi kuseri kwa tiyi

Mukafunsa munthu aliyense mu Blantyre muno kuti khofi wa kuno kwathu amalimidwa kuti, yankho limakhala limodzi: ku Mzuzu. Sanalakwe ayi. Mapaketi a Mzuzu Coffee ndi amene timawaona m'masitolo akuluakulu, ndipo alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, ku Phoka ndi m'mapiri a Viphya ndiwo atchukitsa Malawi pa mbewu imeneyi. Koma mtengo woyamba wa khofi m'dziko lino unamera mumzinda mwathu momuno, ndipo mpaka lero khofi akulimidwa pamtunda wa ola limodzi lokha kuchokera ku Limbe. N'chifukwa chake Loweruka lina m'mwezi wa Juni ndinavala juzi, n'kuponya botolo la madzi m'chikwama, ulendo wa ku Thyolo pa minibasi.

Kuyambira pa HHI

Ndinachita dala kuyambira pa HHI, pamene pali tchalitchi chakale chija cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891. Ambiri timapadziwa chifukwa cha maukwati ndi zithunzi zoika pa WhatsApp. Koma mu 1878, tchalitchicho chisanamangidwe n'komwe, mlimi wa maluwa wochokera ku Scotland dzina lake Jonathan Duncan anafika pa mishoni ya Blantyre ndi mbande za khofi zochokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Mbiri imati mbandezo zinali zitatu, ziwiri zinafa, imodzi yokha ndiyo inagwira. Ka mtengo kamodzi kameneko ndiko kanapereka mbewu imene inafalikira m'mapiri a chigawo chino.

Pambuyo pake John Buchanan anatsegula minda ya khofi ku Zomba, azungu ena n'kuona kuti muli ndalama. M'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, moti chizindikiro cha boma la atsamunda, pa nthawi imene dziko lino linkatchedwa British Central Africa, chinali ndi mtengo wa khofi pakati. Fodya ndi tiyi, zimene timaziona ngati eni dziko lero, zinabwera pambuyo. Khofi ndiye mwana wachisamba.

Highway mpaka ku Limbe

Kuchokera pa HHI ndinatsetsereka wapansi kukakwera minibasi ya Highway. Njira iyi tonse timaidziwa ngati kunsi kwa phazi: Ginnery Corner, chipatala cha Queens, Chichiri, Maselema, kenako phokoso la Limbe n'kukulandirani. Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana mpaka 1956 pamene anawaphatikiza, koma mpaka pano mtima wawo ndi wosiyana. Blantyre amavala tayi, Limbe amapinda malaya. Limbe anakula chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo ndi komweko kumene kumachitikira okushoni ya tiyi, malo amene tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amaikidwa mtengo asanapite kunja.

Mu depoti ya Limbe simufunsa kuti minibasi ya ku Thyolo ili pati. Oitanira amakupezani okha. “Thyolo, Luchenza, Mulanje! Malo amodzi, yonyamukanyamuka!” Amene anazolowera amadziwa kuti malo amodziwo akhoza kukhala asanu. Chenjerani ndi minibasi yooneka ngati yadzadza pamene injini ili zii ndipo okweramo alibe katundu aliyense. Ena mwa iwo amakhala anyamata ongokhalamo kuti akope anthu, mukakwera iwo n'kumatsika mmodzimmodzi. Yang'anani imene muli amayi a mabasiketi ndi ana pamiyendo. Imeneyo ndiyo ikupitadi. Mtengo mufunsiretu musanakwere, ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa nkhani ya chenji yadanitsapo anthu ambiri.

“Mufendereko pang'ono achimwene, akhale madalawa,” anatero kondakitala. Ndinafendera, pambali panga n'kukhala bambo wachikulire wa chipewa chaubweya, thumba la shuga ndi sopo lili pamiyendo. Tinapatsana moni, galimoto n'kunyamuka.

Msewu ukamakwera

Kuchoka ku Limbe kufika pa boma pa Thyolo ndi makilomita pafupifupi 40. Mukadutsa Chigumula nyumba zimayamba kutalikirana, minda n'kuyamba kuoneka. Pa Bvumbwe minibasi imaima, ndipo mawindo onse amadzadza ndi manja: kabichi, karoti, tomato, nsawawa zobiriwira, letesi, chimanga chootcha. Ndiwo zamasamba zambiri zimene timagula m'misika ya mu Blantyre zimachokera kuno, ndipo pomwepa pali malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi. Ngati mukufuna kugula, sungani ndalamazo, mudzagule pobwerera. Palibe chifukwa chozungulira ndi kabichi tsiku lonse.

Titadutsa Bvumbwe mphepo inasintha. Mayi wina anapempha kuti titseke windo, mwana wake n'kumufunditsa chitenje chachiwiri. Kutsogolo kunali nkhungu yoyera, ndi kamvula kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Chimenechi ndiye chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepo yachinyezi imeneyi imachokera. Ife a m'tauni timachida chifukwa zovala siziuma. Koma tiyi ndi khofi zimakondwera nacho, chifukwa chimabweretsa chinyezi m'miyezi imene madera ena kuli gwa.

Kenako, chakufupi ndi Thunga, tiyi anayamba. Amene simunaonepo, chithunzi cha pa foni sichikwanira. Mapiri athunthu obiriwira, ometedwa bwinobwino ngati mutu wa mwana wa sukulu tsiku lotsegulira, tinjira tofiira tikudula pakati.

“Mukupita kwa abale?” anafunsa madala aja.

Ndinawauza kuti ndikukaona khofi. Anandiyang'ana kaye, kenako n'kuseka.

“Anthu amabwera kudzaona tiyi, inu khofi? Alipo, koma amabisala. Ine ndathyolapo zaka zambiri pa esiteti ina kuseri uko. Madengu ndi madengu.”

“Ndiye mumamudziwa bwino kukoma kwake, bambo.”

“Aaa, mwanawe. Kuthyola ndi kumwa n'zosiyana. Ine ndimadziwa kulemera kwake pamsana. Kukomako akudziwa ndi a kunja.”

Anatsika tisanafike pa boma, n'kulowa kanjira ka pakati pa tiyi, thumba lawo lili paphewa.

Mmene wamng'ono analandira ufumu

Kuti khofi afike pomabisala chonchi, zinayamba kale. Chitangodutsa chaka cha 1900 mitengo ya khofi inagwa pa msika wa dziko lonse chifukwa Brazil inkakolola wochuluka zedi. Kuno nako tizilombo, matenda ndi kusowa kwa mvula zinasakaza minda. Eni minda anayamba kuzula khofi n'kuyesa thonje, fodya ndi tiyi. Ku Mulanje, Henry Brown, amene poyamba ankalima khofi ku Ceylon, anali atadzala kale tiyi pa munda wa Thornwood mu 1891. Tiyi anagwirizana ndi mvula ya kumeneko, n'kufalikira mpaka ku Thyolo. Khofi anatsala m'makona a minda ingapo, kenako n'kukapeza kwawo kwatsopano kumpoto, m'manja mwa alimi ang'onoang'ono.

Pa boma pa Thyolo ndi pa zii. Maofesi a boma, chipatala, msika, magolosale angapo, anyamata a kabaza atakhala pa njinga zawo zamoto manja ali m'matumba. Palibe wokuthamangitsa, palibe wokukoka chikwama. Munthu wochokera ku Limbe amayamba wadabwa kuti makutu ake akumva mbalame.

Ndinalowa mu tiyirumu ina kuti ndifunde. Nditafunsa ngati ali ndi khofi, mtsikana wogulitsa anati alipo, n'kutsitsa pa shelefu kachitini ka khofi wosungunula wochokera ku South Africa, uja wosakaniza ndi chikole. Ndinamwa, ndi sikono yanga, osadandaula, chifukwa ndi yemweyo amene tonse tinakulira. Koma taganizani: makilomita ochepa kuchokera pa tebulo limenelo, zipatso za khofi weniweni zinali zitapsa psuu m'mitengo.

M'munda mwa khofi

Kabaza ananditengera ku Satemwa, esiteti imene inayambitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923 ndipo idakali m'manja mwa banja lomwelo. Imadziwika ndi tiyi, koma imalimanso khofi, ndipo imalandira alendo. Nyumba yakale ya banjali, Huntingdon House, tsopano ndi malo ogona alendo. Kumbukirani kuti awa ndi malo a eni, ndiye ndi bwino kuimba foni kaye musanapite kuti akukonzereni wokuyendetsani.

Mtengo wa khofi si wamtali, masamba ake ndi obiriwira monyezimira, ndipo zipatso zimamera mothithikana m'nthambi ngati mikanda. Mtundu umene umalimidwa kuno ndi Arabica, umene umakonda malo okwera ndi ozizira. Mukaudzala mumadikira zaka zitatu kapena kuposerapo musanaone phindu. Zipatso za pa nthambi imodzi sizipsa tsiku limodzi, choncho wothyola amasankha zofiira zokhazokha ndi manja, n'kudzabweranso pa mtengo womwewo kangapo. Ndinalawa chimodzi. Kunja n'kotsekemera ngati chipatso china chilichonse, m'kati muli njere ziwiri zoterera zoyang'anizana.

Njere zimenezo ndiye khofi. Zipatso zikathyoledwa zimapita ku makina ochotsa khungu tsiku lomwelo, njere n'kuzisiya kuti zivunde pang'ono kuti choterera chija chichoke, kenako kuzitsuka ndi kuziyanika pa matebulo okhala ngati thandala kwa masiku angapo, akuzitembenuza ndi kusankhamo zoipa. Pamafunika makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso kuti papezeke kilogalamu imodzi ya njere zouma. Ndipo pamenepo fungo lija timalidziwa silinabwere. Limabwera pokazinga. Khofi wambiri wa m'Malawi amatuluka m'dziko muno asanakazingidwe, kutanthauza kuti gawo limene lili ndi ndalama zambiri, kukazinga, kupera, kuika m'mapaketi ndi kugulitsa pa kapu, limakachitikira kwina.

Kukongola kuli ndi mbiri yake

Munthu ukaima pamwamba n'kuona kubiriwira konseku, n'kosavuta kuiwala kuti malowa ali ndi mabala. Minda ikuluikulu ya ku Thyolo inatengedwa m'nthawi ya atsamunda. Alomwe ambiri amene anachoka ku Mozambique anafikira m'minda imeneyi, n'kumalipira malo okhala ndi thukuta lawo pa dongosolo la thangata. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo wa nkhani za malo ndi chitaganya unaphulika kuno ku Thyolo, anthu n'kutaya miyoyo. Thangata anatha, koma vuto la malo lidakalipo. Mukangotuluka m'malire a esiteti mumaona timinda ting'onoting'ono tokwera mpaka pamwamba pa phiri. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, kumene kunkakhala kambalame kotchedwa Thyolo alethe, inatha pafupifupi yonse chifukwa anthu ankafuna polima. Nthochi zimene zinkatchukitsa bomali nazo zinasakazidwa ndi matenda a chisaka, moti nthochi zambiri za m'misika ya mu Blantyre masiku ano zimachokera kunja kwa dziko.

Ndiye mukapita, musangojambula tiyi n'kubwerera. Gulani kanthu pa msika, mulipireni wa kabaza mosanyinyirika, chezani ndi anthu. Ndipo inu amene mukusaka bizinesi yoti muyambe, taonani mpata uli apa. Mu Blantyre malo omwera khofi wa m'dziko muno alipo, koma ambiri mitengo yake ndi ya anthu a magalimoto. Ndani adzayambe kugulitsa kapu ya khofi wa ku Thyolo kapena wa ku Misuku pa depoti ya Limbe m'mawa wa Juni, pa mtengo umene kondakitala angakwanitse?

Mukafuna kupita

Nthawi yabwino ndi miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene khofi amakhala akuthyoledwa. Nyamukani m'mamawa, tengani juzi ndi nsapato zosaterera, chifukwa dothi lofiira la kumeneko likanyowa silichita nthabwala. Yambani ulendo wobwerera dzuwa lisanapendeke kwambiri, popeza chiperoni chikatsika madzulo msewu suoneka bwino. Tsiku limodzi ndi lokwanira, ndipo mukapita awiri kapena atatu zimakoma kwambiri.

Musabwereko chimanjamanja. Gulani paketi ya khofi wopera, kaya konko kaya m'sitolo mukafika m'tauni, bola palembedwe kuti ndi wa m'Malawi. Simufunika makina. Thirani masupuni awiri m'kapu ya madzi amene angowira kumene, vundikirani kwa mphindi zinayi, sefani ndi kasefa ka tiyi komwe muli nako kale. Shuga ndi mkaka zidikire kaye. Kumwa koyambako kukhale kopanda kanthu, kuti lilime lanu limve lokha chimene dothi la ku Thyolo limabereka.