Kwa eni mabwato a ku Liwonde

Inu amene mwagula kachipangizo koonetsa nsomba pansi pa madzi, kaja amati fishfinder, nimukamangirira kumbuyo kwa bwato lanu pa Shire kumunsi kwa Kamuzu Barrage, pomwe mtsinjewu ulekanitsa Machinga ndi Balaka, ndikupemphani kuti musakakhulupirire monga kanatulukira m'bokosi. Pakuti madzi athu ndi osaya ndiponso amatope, ndipo mawu amene kamaponya pansi amagunda udzu, mizu ya namasupuni ndi thovu la injini, nabwerera onse pagalasi ngati nsomba.

Yambani mwachepetsa mphamvu yake yakumva pang'onopang'ono, kufikira timadontho todzaza galasi titazimirira koma mzere wa pansi ukuonekabe. Pansi polimba pamalemba mzere wokhuthala ndi wowala, pamene matope alemba wofooka. Muyeso wa kuya muuike nokha, mamita 5 kapena 10, kuti theka la chithunzi lisathere pachabe, ndipo ngati kali ndi 50 kHz ndi 200 kHz, sankhani 200, popeza 50 anaipangira madzi akuya monga a nyanja ya Malawi. Dzuwa la Okutobala likawomba galasi, kwezani kuwala kwake, nimuyendetse bwato mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chindiwawa mtima ndi chambo cha m'nyanja ya Malombe, chimene makoka anachitsitsa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Choncho galasi likakusonyezani nsomba zitaunjikana m'madzi osaya m'nyengo yoswana, chonde abale anga, pitirirani osaponya khoka.