Masiku awiri, bakkie yobwereka, misewu itatu

Abale anga a ku Msaka ndi nonse amene uthengawu ukupezeni, ine ndili bwino kuno ku Hout Bay. Uno ndi mwezi wachisanu chibwerereni, koma mukandifunsa za Cape Town ndingokuuzani za njira yotsika ku Imizamo Yethu kukafika padoko pomwe ndimakonza mainjini a maboti. Nyumba, doko, nyumba, basi. Ndiye abwana atanena kuti Loweruka ndi Lamulungu likubwerali titseka chifukwa ntchito yachepa, mnzathu wa ku Nkhotakota anati bakkie ya alamu ake ilipo, tisonkhe ya mafuta tikawongole miyendo. Tilipo anayi. Kusonkha sikunavute. Mkangano unabuka pa funso loti tilowere kuti.

Muyambe mwadziwa kuti chisanu cha kuno n'chosemphana ndi chathu. Kwathu June kumwamba kumakhala kuli mbee, mwera ukuwomba, alovi ali pamchenga kusoka chilimira podikira kuti nyanja igone. Kuno June ndiye nyengo yawo ya mvula. Dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko, 6 isanakwane lalowa kale. Tsiku lalifupi chonchi sungalimwaze pamsewu. Komanso bakkie imeneyi ndaiona ndi maso a umakaniki: mawaipa amangokanda galasi, tayala la sipeya ndi losalala ngati mlamba. Ndinawauza anzanga kuti kulikonse kopitirira makilomita 200 tiwasiyire a galimoto zawozawo. Atatsala ndi malo atatu.

Wamng'ono pagulu lathu mtima wake uli pa sinowo. Akufuna ku Ceres, tauni ija dzina lake mumaliona pa mabokosi a juwisi m'magolosale. Kuseri kwake kuli phiri la Matroosberg, ndipo zoonadi limayera nthawi ino. Mnyamatayu ndikumumvetsa, aise. Akufuna chithunzi atagwira chipale m'manja choti amayi ake akaonetse mudzi wonse. Koma sinowo sapangana ndi munthu. Amagwa chimphepo chozizira chikadutsa, pakapita masiku ochepa wasungunuka. Tsiku lomwe wagwa, Cape Town yense amathamangira komweko, galimoto n'kundandana pa chitunda cha Michell's Pass, ndipo kumtunda kwenikweni kumafuna 4x4. Kupita tsiku longosankha pa kalendala kuli ngati kupita ku usipa mwezi uli mbee: nyali mwayatsa, mafuta mwawotcha, mwabwerako ndi chisanu chokha.

Hermanus ndiye anandikopa kwambiri, sindinama. Ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo chaka chilichonse anamgumi amabwera kudzaberekera m'madzi a kufupi ndi gombe. Umawaona uli chilili pamatanthwe osalipira kanthu, ndipo kuli munthu amene ntchito yake ndi kuliza lipenga akaonekera. Chinyama cha mamita 15, tangoganizani, boti lathu la matabwa kuliika pambali pake lingaoneke ngati bwato la mwana. Koma June ndi kuyamba chabe, amachuluka cha mu September ndi October. Malo ogonanso kumeneko mitengo yake ndi ya alendo a ndege. Amenewo tawasungira September.

Chomwe chinandipangitsa kulimbikira malo achitatu ndi bambo anga. Sabata yatha ananditumizira voisi pa foni ya mlongo wanga. Sanafunse za nyumba zitalizitali kapena sitima. Anati, "Kodi kumeneko nsomba ikaphedwa yambiri amaisunga bwanji?" Funsoli ndinapita nalo kwa mdala wina wa padoko amene wakalambira pa snoek, ndipo anandiuza kuti ndikafuna yankho ndipite ku Velddrif.

Velddrif ali kumpoto, makilomita pafupifupi 150 kuchokera mu Cape Town, pomwe mtsinje wa Berg umathira m'nyanja. Msewu wake, R27, ndi wowongoka, wopanda zitunda zoti bakkie yathu ikatsokomole. M'mbali mwa mtsinjewo muli kanjira kotchedwa Bokkomlaan, ndipo m'menemo ndi momwe amapanga bokkom. Ndi nsomba yomwe amaitchula kuti harder: amainyika mu mchere wambiri kwa masiku, kenako n'kuitunga pachingwe m'magulumagulu n'kuipachika kuti mphepo iumitse. Nkhuni sizilowapo. Ikauma imakhala miyezi.

Inu a kunyanja mukudziwa chomwe ndikuganiza. January ndi February usipa ukagwa wambiri, mvula n'kutseka masiku atatu, pathandala pamayamba kununkha. Wofutsa amafuna nkhuni, nkhunizo n'zogula, ndipo pomaliza ogula amatchula mtengo wawo ife tili duu chifukwa nsomba ikuwola tikuona. Bambo ataya ndowa zingati mwanjira imeneyi, ine ndikukula ndikuona? Sindikunena kuti usipa ndi harder, ayi, harder ndi yaikulu, ndipo anthu athu nsomba yowawa mchere kaya angaigule. Koma ndikufuna ndikaone ndekha: mchere wochuluka bwanji, masiku angati, ntchentche amathana nazo bwanji, ndipo mvula ikagwa ngati pano amathawitsira kuti. Kupita nyengo yonyowa ino ndiye kwabwino, chifukwa padzuwa aliyense ndi katswiri woumitsa.

Anzanga anandiseka. Akuti wachoka kunyanja mtunda wonsewu kuti ukaone nsomba youma? Ndinawanyengerera ndi ziwiri. Choyamba, m'madambo a mchere a kumeneko mumakhala mbalame zija za miyendo itali, zofiirira, ma flamingo, ndiye chithunzi cha amayi chipezeka. Chachiwiri, mawaipa ndi oyilo ndisintha ine ulere Lachisanu madzulo. Wa ku Nkhotakota atangomva za ulere anakweza dzanja. Wa sinowo yekha ndiye akunyinyirikabe, akuti mapiri akangoyera Lachisanu usiku makiyi aba.

Tinyamuka Loweruka kukangoyera, pasipoti m'thumba, ufa ndi poto kumbuyo, kubwerera Lamulungu kusanade. Amene muli pafupi ndi bambo, chonde awerengereni uthengawu, ndipo muwafunse ngati pali china chomwe akufuna ndikafunse kumeneko. Yankho lindipeze Lachisanu lisanathe.