One More Light: chimbale chimene chinakoma pambuyo pa maliro

Pakati pa okonda Linkin Park pali mkangano umodzi umene sutha, ndipo ngakhale kuno kwathu, kumene ambiri amati rock ndi phokoso la anthu osokonezeka mutu, ndaumvapo ku hostel anthu akukokana mpaka mawu kusasa. Nkhani yake ndi chimbale cha One More Light. Ena amati ndi chimbale chofooka kuposa zonse zimene gululi linatulutsa. Ena amati amene amachinyoza alibe mtima wa umunthu. Ine mbali zonse ziwirizi zimanditopetsa, chifukwa palibe imene imakamba za nyimbozo.

Ambiri a ife Linkin Park tinaidziwira pa In the End ndi Numb, nyimbo zimene zinkayenda pa memory card kuchoka foni ina kupita ina. Zimenezo ndi za m'zimbale za Hybrid Theory cha 2000 ndi Meteora cha 2003: magitala olemera, Mike Shinoda akurapa, Chester Bennington akukuwa ngati mmero ung'ambika. One More Light chinatuluka pa 19 May 2017, nyimbo 10 zokha, mphindi pafupifupi 35, ndipo kukuwa konse kuja mulibe. Ndi pop basi. Gitala ya Brad Delson imamveka ngati akuiimbira chipinda china. Nyimbo yoyamba kutuluka, Heavy, Chester anaimba ndi Kiiara, ndipo ena mwa amene anailemba ndi Julia Michaels ndi Justin Tranter, omwe aja analemba nawo Sorry ya Justin Bieber. Tangoganizani mmene zinawawira anthu amene zaka zitatu zokha m'mbuyomo analandira The Hunting Party, chimbale chaukali chimene chinkaoneka ngati gululi labwerera kumudzi.

Anthu anakwiya. Anati agulitsa dzina chifukwa cha ndalama. Chester naye sanaugwire mtima, anawayankha mokalipa pocheza ndi atolankhani. Mu June chaka chomwecho, ku chikondwerero cha Hellfest ku France, anthu anawakuwiza akuimba Heavy, wina mpaka kumugenda Chester ndi chomwera. Chimbalecho chinakhalabe pa nambala 1 pa Billboard 200, koma zimenezo sizinatseke munthu pakamwa.

Kenako pa 20 July 2017 Chester anadzipha kunyumba kwake ku California, ali ndi zaka 41. Chimbale chija chinasanduka chopatulika tsiku lomwelo.

Kwathu kuno timazidziwa zimenezi. Pamaliro palibe munthu woipa. Ngakhale amene anali ndi ngongole mudzi wonse amamunena kuti anali wokonda anthu. Ndi ulemu, ndipo sindikuutsutsa. Koma nyimbo si mtembo. Zimene zinatuluka mu May ndi zomwezo zinalipo mu July, palibe liwu linasintha. Ine ndimachimvera, ndipo maganizo anga ndi akuti theka lake ndi losalala mopitirira, ngati phala lopanda mchere. Good Goodbye, imene muli Pusha T ndi Stormzy, imamveka ngati anaikonza poganizira wailesi osati mtima. Gulu la anthu asanu ndi mmodzi odziwa zida likumveka ngati munthu mmodzi ali pa laptop. Kunena zimenezi si kunyoza wakufa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu akuti otsatira ake ndi amene anamupha. Chester analankhula poyera kwa zaka zambiri za nkhanza zimene anachitiridwa ali mwana, za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, za maganizo amene ankamuzunza. Mnzake wapamtima Chris Cornell anali atamwalira pa 18 May, ndipo Chester anafa pa tsiku limene Cornell akanakwanitsa zaka 53. Kutenga katundu yense ameneyu n'kumusenzetsa munthu amene anaponya chomwera ku France ndi kupeputsa matenda amene munthu analimbana nawo moyo wake wonse. Kugendako kunali kupusa, inde. Koma kukhala ndi woloza chala kumangotithandiza ifeyo kugona tulo.

Tsono kwa a gulu linalo, aja amati Linkin Park yeniyeni inathera pa Meteora. Mfundo yawo ya ndalama sindiimvetsa. Gulu lofuna ndalama likanangophikanso Hybrid Theory chaka ndi chaka, makasitomala analipo kale. M'malo mwake linayamba kusintha pa Minutes to Midnight mu 2007, ndipo A Thousand Suns cha 2010 anachitukwananso chimodzimodzi, lero ndi chimene ambiri amachitama. Chester anali ndi zaka 24 pamene Hybrid Theory chinkatuluka. Bambo wa zaka 41, wa ana ake, akuwe ngati mnyamata uja chifukwa chiyani? Ndikamvetsera bwino madandaulo awo, chimene akulira si gitala ayi. Akulira zaka zawo za kusekondale, ndipo zimenezo palibe woimba angawabwezere.

Pali chinthu chimodzi chimene mbali zonse zimachidumpha. Tengani Crawling, nyimbo imene inawapatsa Grammy mu 2002, muiike pambali pa Heavy, muchotse zida zonse, mutsale ndi zimene munthuyo akunena. Ndi nkhani imodzi: munthu amene mutu wake womwe wamuukira ndipo akulephera kuutula katunduyo. Pamene ankainena mokuwa, magitala akubangula, anthu masauzande ankadumpha naye n'kumati ameneyu ndiye mwamuna. Atainena motsitsa mawu, anamuuza kuti wafooka. Ululu unali wololedwa pokhapokha utavala mkwiyo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya ku America kokha. Pa kampasi mnyamata akamenya chitseko, akaledzera mpaka kugona mu ngalande, timaseka n'kumati mayeso amupweteka, ndi zachinyamata. Yemweyo akakhala pansi masana ali bwinobwino n'kunena kuti akulu, zinthu zikundilemera, pamakhala chete wochititsa manyazi, kenako wina amasintha nkhani n'kuyamba za mpira. Makutu athu anazolowera phokoso.

Nyimbo imene ndimaiteteza popanda kukayika ndi ya mutu wa chimbalecho. Inalembedwa pokumbukira mnzawo wa ku kampani yawo ya nyimbo amene anamwalira ndi khansa. Pa tsiku limene chimbale chinatuluka anaiimba pa pulogalamu ya Jimmy Kimmel pokumbukira Cornell, ndipo Chester akuoneka kuti akuvutika kuimaliza. Inali nyimbo yabwino kale tsiku limenelo, mwini wake ali moyo, miyezi iwiri anthu asanayambe kuiika pa status.

Mu 2024 gululi linabwerera ndi woimba watsopano, Emily Armstrong, ndi chimbale cha From Zero, ndipo mkangano wasamukira kumeneko: tsopano akuti popanda Chester palibe Linkin Park. Mu foni mwanga, pa nyimbo 10 za One More Light ndinasungamo zitatu, ya mutuyo, Heavy ndi Sharp Edges. Zinazo ndinafufuta pamene malo anandithera.