Nyumba ya Amayi Sivala Jekete

Anzanga a m'gulu muno, makamaka inu amene muli ndi abale ku Joni, mwina munaziona kale pa WhatsApp nyumba zimene ku Cape Town amati za Nutec. Makoma ake osalala, mizere yoongoka ngati ya m'kope. Si njerwa zimenezo ayi. Ndi mabolodi a simenti yosakaniza ndi mchenga wopera komanso ulusi wochokera ku mitengo. Sayaka moto, ndipo chiswe chikawalawa chimabwerera ndi njala.

Achimwene anga ali kumeneko, ndiye anatumiza ndalama ndi uthenga woti nyumba ya amayi kumudzi yakalamba, tiiveke mabolodi amenewa kunja konse. Mtima wawo ndi wabwino, sindikuwanena. Koma ine ndinakana, ndipo mpaka pano foni yanga akuyankha ndi mawu awiri basi. Ndiye ndati ndikuuzeni inu, mwina mundimvetsa.

Ine ndimagulitsa tomato. Ndikudziwa kuti mulu ukakongola kwambiri pamwamba, wogula wochenjera amautembenuza kaye. Nyumba ija ndi ya zidina, anamanga malemu bambo, ndipo yaima mpaka lero chifukwa amayi amaiwerenga. Mwezi wa Okutobala amaizungulira pang'onopang'ono, dzanja lili pakhoma. Apa pang'aluka, apa chiswe chayamba kumanga kanjira kake, apa m'munsi mwakukutika. Amamata, amazira, mvula ikamabwera n'kuti nyumba yakonzeka. Tsopano inu muphimbe khoma lonselo ndi mabolodi. Aziwerenga pati? Mng'alu uzikula kuseri mwakachetechete, ife tikuyamikira penti.

Komanso bolodi silimata lokha pakhoma. Pamafunika mapulanga oti likhomedwepo. Ku Cape Town nyumba yonse imakhala chimango cha matabwa othira mankhwala, ndiye msomali umagwira. Yesani kukhoma msomali m'chidina chakale muone mmene chimayoyokera. Ndipo ngakhale chiswe chikane bolodi, thabwa la kuseri sichikana. Mwachimangira msewu wamdima wopanda wochisokoneza, kuchokera pansi mpaka ku phaso.

Chimene chinandimaliza ndi nkhani ya m'munsi. Opanga mabolodiwa amanena okha kuti asagunde dothi, pasiyidwe mpata wa masentimita pafupifupi 15, apo ayi amamwa madzi. Koma nyumba ya zidina imadwalira pomwepo, pamene madzi ogwa kuchokera padenga amathovukira. Kumbukirani namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kupatula zimene zinakokoloka ndi matope, nyumba zambiri kummwera zinagwa chifukwa makoma anamwa madzi masiku angapo mpaka kufewa ngati phala. Jekete ikanathandiza chiyani munthu akumira kuyambira kumapazi?

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa izi n'zoopsa. Mabolodi ndi malata a simenti akale ankaikamo asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo ndi kuyambitsa khansa patapita zaka zambiri. South Africa inaletsa asbestos mu 2008, koma zogumula m'nyumba zakale zikadalipo, ndipo ndi maso simungasiyanitse bwino ndi zatsopano. Wina akakutsatsani zotchipa zogwiritsa kale ntchito, musiyeni apite. Atsopanonso, mmisiri akamawadula ndi galayinda, fumbi loyera lija si lopuma. Azithira madzi, aziphimba mphuno ndi pakamwa, ana akhale kutali.

Musandimve ngati ndikudana nawo mabolodiwa. Panyumba ya njerwa zootcha, maziko ake olimba, khoma louma, ndilibe nawo mlandu. Ndipo ife a mumsika, amene timagona ndi mantha a moto chifukwa maokala athu ndi matabwa ndi makatoni, atandipatsa mabolodi anayi ndingavine.

Koma ya amayi ndinati ndalamazo zipite kwina. Tichotse malata obooka, atsopano atuluke kwambiri kuti madzi azigwera kutali ndi khoma. Tizungulize khonde la simenti lotsetsereka, tikumbe ngalande kumtunda kumene madzi amachokera. Achimwene akuti anthu odutsa sadzaona kuti mwana wa pakhomopo ali ku Joni. Zoona, sadzaona. Amayi nditawafotokozera anangofunsa ngati kuseri kwa mabolodiwo makoswe sangakhaleko.

Mmisiri wati ayamba ndi ngalande sabata yamawa, mvula isanagwe. Achimwene sanavomere, koma ndalama sanaitanitsenso.